Kodi masipeya a GR86 angalowe pa Toyota 86 ya 2013? Ndili ku Mangochi, ndithandizeni

Moni akuluakulu nonse a pagulu pano. Ndikufuna maganizo a anthu amene anagwirapo Toyota 86 kapena Subaru BRZ ndi manja awo, osati zongomva kwa anzawo.

Ndili ndi 86 ya 2013, ya manual, inachokera ku Japan kudzera pa Dar. Ndalama zake ndinasunga zaka 6 ndikugwira ntchito ku Joni, ndiye mumvetse kuti kwa ine si galimoto wamba. Masabata atatu apitawa ndikuchokera ku Liwonde usiku, nditangodutsa pa Ulongwe, lole ina inandithobwa m'maso ndi nyali zake. Ndinakhotera kumanzere, tayala lakutsogolo n'kugwera m'dzenje la m'mphepete mwa tala. Phokoso lake ndimalimvabe m'mutu. Ndinafika kunyumba pang'onopang'ono, chiwongolero chikukokera mbali imodzi. Kutacha tinaikweza pa jeke: limu yapindika mkati, shoko ikudontha mafuta mpaka fumbi lamatirira, control arm (chitsulo cholumikiza tayala ku chesisi) nayo yakhota. Pano yangokhala pansi pa mtengo wa mango nditaifunda lona.

Msuweni wanga ali ku Johannesburg wapeza GR86 (mtundu watsopano wa 86) ya 2023 pa sikilapu ina. Inagundidwa kumbuyo, kutsogolo kukuoneka kwabwinobwino. Wogulitsayo akuti "zonse n'zofanana ndi yakale, tengani", ndipo akufuna tigule mashoko, ma control arm, mabuleki ndi malimu anayi a 18 ndi matayala ake. Wati ngakhale injini ilipo. Lole yonyamula katundu inyamuka Loweruka kubwera kudzera ku Mwanza, ndiye pofika Lachisanu ndikhale nditayankha.

Mantha anga ndi awa. Chaka chatha ndinagula malimu a Toyota Wish poona kuti mabowo ndi asanu ndipo muyeso wake ndi 5x100 ngati yanga. Anakana kukhala pa habu, ndalama n'kupita. Sindikufuna zibwerezenso, makamaka mmene randi ikuvutira kupeza masiku ano. Kodi n'ziti za GR86 zimene zimalowa pa yakaleyi popanda kudula kapena kuwotcherera? Nanga injiniyo n'kuiganizira?

Makaniko wa ku Biwi:
Achimwene pepani ndi ngoziyo. Poyamba muiwale kuti muli ndi Toyota. Baji ndi ya Toyota koma galimotoyo imapangidwa ndi Subaru ku fakitale yawo ya ku Gunma, pamzere umodzi ndi BRZ. Tsegulani boneti muone, zitsulo zambiri zalembedwa Subaru. N'chifukwa chake malimu a Wish anakukanani. Bowo lapakati la malimu a Toyota a 5x100, monga a Wish, Allion ndi Premio, ndi 54.1 mm, pamene habu yanu ndi 56.1 mm. Manati nawonso ndi osiyana: anu ndi M12x1.25, a Toyota ndi M12x1.5. Mukakakamiza nati ya Toyota imalowa maulendo awiri atatu kenako imadya bawuti. Ndasinthapo mabawuti ambiri a ma Forester chifukwa cha anyamata okonza matayala amene amangotola nati iliyonse m'chitini.
Malimu a GR86 alowa, 5x100 yomweyo ndi bowo lomwelo. Koma ine a 18 sindikukulimbikitsani. Tayala lake ndi 215/40R18, khoma lake ndi lalifupi kuposa 215/45R17 imene muli nayo. Ngati 17 inapindika pa Ulongwe, 18 ikanasweka ndithu. Funani limu imodzi ya 17 yofanana ndi zinzake.

Che Jafali pa Namwera:
Bwana, galimoto yotsika choncho ya chiyani kuno? Mahampu a pa tauni, mchenga wa ku Makawa, mvula ikagwa ndiye osanena. Konzani mugulitse mugule ya ntchito.

Mwini funso:
Che Jafali ndakumvani, ndipo za misewu simukunama. Pansi pake ndi 130 mm zokha, hampu iliyonse ndimaidutsa chopingasa. Ya ntchito ndili nayo, kabokosi konyamulira nsomba. Koma Lamulungu m'mawa ndikawoloka mlatho wa Bakili Muluzi n'kuyamba kukwera makhota a ku Chowe, galimotoyi imamvera dzanja mwa njira imene ina iliyonse sinandimverepo. Kugulitsa ayi.

Gift wa BRZ ku Blantyre:
Ine ndili ndi BRZ ya 2014 ndipo nkhani imeneyi ndinaifufuza kwambiri. Yatsopano ija, imene inatuluka mu 2021, sanayambire pachabe. Anatenga chesisi yakale n'kuilimbitsa. Kutalika pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo kunali 2570 mm, kwatsopano ndi 2575 mm, kusiyana kwake ngati kukhuthala kwa timitengo tiwiri ta machesi. Makampani ambiri opanga mashoko ndi ma control arm amagulitsa nambala imodzi ya ZN6, imene ndi yanuyo, ndi ZN8, imene ndi GR86. Ndiye mashoko amangika m'mabowo omwewo.
Chimene muyenera kusamala n'chakuti masipuling'i ndi kulimba kwa shoko anazisintha. Musaike yatsopano kumanzere n'kusiya yakale kumanja, galimoto idzakhala ngati munthu wovala nsapato zosiyana, ndipo pa khota mudzaimva. Tengani zonse ziwiri zakutsogolo ndi masipuling'i ake. Ngati thumba likulola tengani zonse zinayi, koma poti inagundidwa kumbuyo, zakumbuyozo muzikayikire.
Muonetsetsenso kuti ndi GR86 ndithu osati BRZ yatsopano. Ziwirizi zinasiyana pang'ono: BRZ yatsopano ili ndi knuckle (chitsulo chimene habu imamangidwapo) ya aluminiyamu kutsogolo ndipo stabilizer (chitsulo chochepetsa kupendekeka pa khota) yakumbuyo inamangidwa ku bodi, pamene GR86 inatsalira pa knuckle yachitsulo ndi stabilizer yomangidwa pa subframe ngati yakale.
Zakunja monga bampala, nyali ndi mafenda musatayirepo ndalama, sizigwirizana.

Mwini funso:
Achimwene a ku Biwi, apa ndiye mwanditsegula maso, chaka chonse ndimaganiza kuti anandigulitsa malimu achinyengo. A Gift zikomo kwambiri. Nanga mabuleki? Mapadi anga atha ndithu, ndinkafuna kusintha ngozi isanachitike.

Makaniko wa ku Biwi:
Pa mabuleki yang'anani giredi yanu kaye. Za ku Japan zinabwera mosiyana. GT ndi GT Limited zili ndi madisiki akuluakulu, 294 mm kutsogolo, ndipo amenewo ndi ofanana kukula ndi a GR86 wamba. Giredi ya G inabwera ndi ang'onoang'ono ndi malimu a 16. Poti inu muli ndi 17 mwina ndi GT, koma mwini woyamba akhoza kuti anasintha malimu, ndiye vulani tayala muyeze disiki ndi tepi. Mapadi ogwiritsidwa kale ntchito ine sindigula. Msuweni wanuyo akuguliremo atsopano m'shopu, atenge nambala ya chesisi yanu, imayamba ndi ZN6. Ku South Africa 86 inagulitsidwa kuyambira 2012, sizivuta kupeza.

Mayi a Tadala:
Za injini ndiyankhe ine, amuna anga amakonza ma Subaru ndipo mabuku a ndalama a pagalaja ndimasunga ndine, ndimaona mmene ntchito zoterezi zimadyera anthu. Yanuyo ndi FA20, ya malita 2.0, mphamvu 200 PS. Ya GR86 ndi FA24, malita 2.4, 235 PS. Anakulitsa mabowo a mapisitoni kuchoka pa 86 mm kufika 94 mm. Kukhala m'malo mwake ikhoza kukhala, vuto ndi magetsi. Kompyuta bokosi ndi ina, mawaya ndi ena, kiyi ndi immobiliser ziyenera kudziwana, dashibodi ya yatsopano ndi ya sikirini. Mukayamba zimenezo galimoto ikhala pa matabwa miyezi, ndipo wa magetsi wodziwa zimenezi muchita kumuitanitsa kuchokera kutali. Ngati injini yanu siikudya oyilo kapena kugogoda, isiyeni.
Chimene ndingakupempheni n'china. Mu 2018 Subaru ndi Toyota anaitanitsa galimoto za 2012 ndi 2013 kuti akasinthe masipuling'i a mavavu chifukwa ena ankathyoka. Yanu ndi ya zaka zomwezo. Fufuzani ndi nambala ya chesisi ngati inakonzedwa isanachoke ku Japan. Komanso musalole munthu akuuzeni kuti masipeya a injini ya Impreza kapena XV alowa chifukwa nayo ndi 2.0. Imeneyo ndi FB20, ndi injini ina.

Dalaivala wa Joni:
Ine ndimanyamula katundu njira ya Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza. Galimoto yogundidwa kumbuyo nthawi zambiri imakankhidwa n'kukagunda china kutsogolo kapena kukwera pa mwala wa m'mphepete mwa msewu. Msuweni wanu asakhulupirire maso a pa foni. Apite ndi makaniko, amasule ali pomwepo, agoneke ma control arm awiriwo pansi moyang'anizana aone ngati akufanana, apukute shoko ndi nsalu n'kuikanikiza aone ngati ikutuluka mafuta. Mabawuti onse atenge, awamange m'kapepala, chifukwa a Subaru kuno mudzawasaka mpaka ku Ndirande. Lisiti ilembedwe bwino, chilichonse ndi mtengo wake, pa boda zisakuvuteni.

Mwini funso:
Akuluakulu, Mulungu akudalitseni nonse. Madzulo ano ndavula tayala ndayeza, disiki ndi 294 mm, ndiye ndi GT. Ndamuuza msuweni atenge mashoko awiri akutsogolo ndi masipuling'i ake, ma control arm onse awiri, mabawuti, ndi mapadi atsopano a m'shopu. Malimu a 18 ndi injini ndazisiya. Mayi a Tadala, nambala ya chesisi ndaijambula, mawa ndiyamba kufufuza za mavavuzo.
Chatsala ndi ichi. Makaniko wanga kuno akukayikira kuti knuckle yakumanzere nayo inakhota, koma ndi maso sitikutha kuona. Kodi nditengeretu ya GR86 poti lole ndi imodzi, kapena ndimange kaye izi ndikaone pa alignment? Ndipo amene muli ndi limu imodzi ya 17 ya 86 kapena BRZ, ku Zomba, Blantyre kapena Lilongwe, ndilembereni ku inbox ndisanafike Lachisanu.