Stovepipe: paipi ya utsi kapena vuto la ku ofesi?

Wofunsa:
Abale, ndithandizeni. Dzulo pa msonkhano bwana wathu wamkulu anati kampani yathu ili ndi vuto la stovepipe. Ine mawuwa ndimawadziwa pa nkhani ya chitofu cha nkhuni chotenthetsera m'nyumba. Ndinangogwedeza mutu ngati ndamva, koma usiku wonse zandizunguza. Paipi ya utsi ikugwirizana bwanji ndi ntchito?

Mmisiri wa zitofu:
Tiyambe ndi paipi yeniyeniyo. Ndi yachitsulo chopyapyala, imachoka pa chitofu kukalowa mu chumuni, ndipo zambiri zimakhala za mainchesi 6 m'mimba mwake. Utsi wotentha ndi wopepuka, ndiye umakwera, pokwerapo n'kumakoka mpweya watsopano kulowa m'chitofu. Moto umayakira pamenepo. Polumikiza zidutswa, mbali yokwinyika iziloza pansi, kuti phula lakuda lochokera mu utsi lizichuchira m'kati. Ndinakonzapo ina yolumikizidwa chozondoka: phula linali litayenderera kunja mpaka pansi, nyumba yonse fungo lokhalokha. Komanso ngati paipiyo ndi ya chitsulo chimodzi, osati ziwiri zophatikiza china m'kati mwa chinzake, italikirane ndi matabwa mainchesi 18. Izi musazitenge mopepuka, nyumba zimapsa.

Mayi wa ku akaunti:
Achimwene, onani mmene utsiwo ukuyendera: m'mwamba basi, sukhotera kumbali. Bwana wanuyo akunena kuti dipatimenti iliyonse imatumiza nkhani kwa mkulu wake yekha, anzawo a chipinda chinacho osamva kanthu. Kumene ndinkagwira kale, a zamalonda analonjeza kasitomala katundu Lachisanu, pomwe osunga katundu ankadziwa kuyambira Lolemba kuti watha. Onse analemba malipoti, aliyense kwa bwana wake. Madesiki awo anali oyang'anizana! Kasitomala uja sanabwerenso, ndipo mpaka lero zimandipweteka.

Wokonda mbiri:
Mawuwa anamveka kwambiri ku America zigawenga zitalanda ndege n'kukaziombetsa pa nyumba zikuluzikulu pa 11 September 2001. Komiti yofufuza, mu lipoti lake la 2004, inapeza kuti CIA, bungwe la ukazitape wa kunja, inkadziwa za awiri mwa zigawenga zija koma FBI, bungwe lofufuza milandu m'dzikomo, sinauzidwe nthawi yabwino. Chaka chomwecho anakhazikitsa lamulo loti pakhale mkulu mmodzi woyang'anira mabungwe onse a ukazitape.

Wofunsa:
Zikomo nonse. Amayi, zanuzo ndi zathu ndendende. Mawa m'mawa ndikadutsa kaye kwa osunga katundu ndisanalembe lipoti langa.