Kodi nesi wa pasukulu yogonera konko ntchito yake kwenikweni ndi chani?

Mayi_a_Tadala:
Moni nonse. Mwana wanga wamkazi wasankhidwa fomu 1 kusukulu yogonera konko, koma ali ndi mphumu chiyambire ali wamng'ono, June ndi July kukazizira ndiye imamuvuta heve makamaka usiku. Pakalata ya fizi alembapo ndalama ya zachipatala ndipo akuti pasukulupo pali nesi. Nde funso langa, nesi ameneyu amapanga chani kwenikweni? Ndi nesi weniweni kapena ndi amatironi omwe aja angowapatsa kiyi wa kabati ya panado? Nanga inhela (mankhwala a mphumu opopera mkamwa aja) azisunga yekha kapena amalanda? Ndithandizeni abale mtima suli m'malo.

NesiWaKuMpoto:
Mayi musaope kufunsa, ndalamazo ndi zanu komanso mwana ndi wanu. Ine ndinagwirapo pasukulu ya atsikana. Choyamba funsani ngati munthuyo analembetsa ku Nurses and Midwives Council of Malawi, chifukwa masukulu ena aliyense wokhala ku sick bay amangomutchula nesi. Amatironi ndi ofunika, amawadziwa ana kuposa aliyense, koma ntchito yawo ndi ya ku hosteli, kumva chifuwa cha mwana kuti apa zafika poipa sanaphunzire.

Ntchito ya nesi si panado ayi. Mwana akatentha thupi amayenera kumuyeza malungo kaye asanapereke LA, kenako kuonetsetsa kuti wamwa kawiri patsiku masiku atatu onse, chifukwa ana akangopezako bwino tsiku lachiwiri mankhwala amaponya pansi pa matiresi. Pali ana a khunyu, a shuga, ena ali pa ma ARV ndipo safuna anzawo a mu hosteli adziwe, ndiye nesi amawasungira mankhwala nkumawaitana mwakachetechete ngati akudzatenga china chake, ndipo apa ndi pamene mumadziwira nesi wabwino, pakamwa pake. Akangoulula kamodzi ku staff room basi palibenso mwana adzabwere. Kwinaku amayendera kukhitchini, zimbudzi, madzi akumwa, mphere ikalowa mu hosteli imodzi amayenera kuigwira isanafalikire sukulu yonse.

Za inhela, ya buluu ija ikhale ndi mwana nthawi zonse, mthumba masana, usiku pafupi ndi pilo. Mphumu sidikira kuti wa kiyi adzuke. Ngati mungakwanitse gulani ziwiri, inayo ikhale kwa nesi limodzi ndi buku lake la kuchipatala. Muwauzenso zimene zimamuyambitsa, kaya ndi fumbi la posesa kaya utsi, amupatse ntchito ina.

Bambo_Chimwemwe77:
Anesi mwanena bwino koma mwasiya chimodzi. Mayi funsani kuti nesiyo amagona pasukulu pompo kapena 4 koloko akaweruka amapita kwawo mtauni. Wanga anadwala usiku pasukulu ina sinditchula dzina, nesi kulibe, galimoto ya sukulu ilibe mafuta, anzake ndi amene anamunyamula mpaka kwa ahedi. Ndiye funso lalikulu ndi limenelo, usiku amatani, chipatala chapafupi ndi chiti, ndipo kholo amaliimbira nthawi yanji. Tengani nambala ya amatironi, osangoti ya ku ofesi.

MadamuWaStd6:
Inu a boding'i bola muli ndi wofunsa. Ife ku pulayimale za boma nesi sitimudziwa nkomwe, timadalira mphunzitsi wa SHN (woona za umoyo ndi zakudya pasukulu) ndi alangizi a zaumoyo ochokera ku health centre. Iwowo ndi amene amabwera ndi mankhwala a likodzo ndi a njoka za m'mimba, ndipo a likodzo aja mwana akamwa ndi njala amachita chizungulire kapena kusanza, nde timayesetsa kuti amwe phala kaye. Katemera wa khansa ya khomo la chiberekero atayamba mu 2019 kwa atsikana a zaka 9, makolo ena anakana ati tikufuna ana awo asadzabereke, ndipo amene timakawafotokozera ndi ife aphunzitsi, pomwe zikanamveka bwino akanalankhula munthu wa yunifomu yoyera amene amamuona tsiku ndi tsiku. Kolera ija mukukumbuka January 2023 masukulu a ku Lilongwe ndi Blantyre anachedwa kutsegulira, zidebe zosambira m'manja ndi klorini zonse zinagwera ife tomwe. Ine ndimati ngakhale nesi mmodzi pa zoni yonse zikanasintha zambiri, makamaka atsikana amene akuyamba kumene kupita kumwezi, ambiri amangojomba osauza munthu.

AchemwaliKuLeeds:
Kuno ku UK nakonso musaganize kuti sukulu iliyonse ili ndi nesi wokhala pompo, nthawi zambiri mmodzi amayendera masukulu angapo. Chimene ndimachikonda nchoti mwana wa mphumu amamulembera pepala lonena chochita zikavuta, apope kangati, ambulansi aitane pati, ndipo aphunzitsi ake amalidziwa. Mayi a Tadala zimenezi mutha kupanga ngakhale kumudziko, apempheni adokotala amene amamuona alembe, mupange fotokope, lina kwa nesi lina kwa amatironi lina kwa mphunzitsi wa zamasewera.

Mayi_a_Tadala:
Zikomo kwambiri nonse, mwanditsegula mmaso. Lolemba ndidutsira kuchipatala za pepalalo kenako ndikaonane ndi nesiyo maso ndi maso sukulu isanatsegulire. A NesiWaKuMpoto ndifunsenso, inhela ya bulauni yomwe amapopa m'mawa ndi madzulo ija nayonso asunge yekha? Pakhomo pano mpaka ndichite kumukumbutsa.

NesiWaKuMpoto:
Imeneyo ndi yoteteza, imagwira ntchito akamapopa tsiku lililonse ngakhale akumva bwino. Ngati amaiwala, temu yoyamba ikhale kwa nesi azikapopera konko nesi akuona, akatero atsuke mkamwa. Akazolowera amubwezere. Koma ya buluu musalole kuti aitsekere mkabati, ngakhale atakuuzani kuti ndi lamulo la sukulu.