Ma timer angoti mbwee mu dump, ndiyambire pati?

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru, nkhaniyi yandisowetsa tulo sabata yonse.

Ndimasamalira pulogalamu ya .NET 8 yomwe ili pa seva ya Linux, ntchito yake kutumiza ma SMS okumbutsa makasitomala za ngongole. Ikangoyatsidwa imathamanga bwinobwino. Pakatha masiku atatu memory imakhala itakwera, mauthenga amayamba kuchedwa, kenako zii. Kugwa siigwa ayi, imangoti duu. Anzanga akuti tizingoizimitsa n'kuiyatsanso usiku uliwonse, koma ine mtima ukukana, chifukwa uthenga ukachedwa munthu amalipira chindapusa pa mlandu woti si wake.

Lachiwiri itaumanso, ndinatenga dump (chithunzi cha zomwe zili mu memory ya pulogalamu) ndi dotnet-dump collect ndisanaikhudze. Nditalemba dumpheap -stat, yomwe imawerenga ma object a mu memory, ndinapeza ma TimerQueueTimer (ma object oimira ma timer) masauzande. Ndinatolapo angapo n'kuwafufuza ndi gcroot, yomwe imaonetsa chomwe chagwira object, onse akukathera ku TimerQueue (mndandanda wa ma timer), ndiye GC, yomwe imayeretsa memory, singawachotse. Lamulo (command) la timerinfo likuonetsa kuti ambiri state yawo, object yomwe timer yanyamula, ndi CancellationTokenSource, chida choimitsira ntchito. Pamenepo ndinakumbukira kuti uthenga uliwonse timaupangira CancelAfter (timer yoimitsa ntchito nthawi ikakwana) ya ola lathunthu, ndipo Dispose, yomwe imataya timer imeneyi, sindikuiona paliponse mu khodi.

Koma chomwe chandiimika mutu ndi ma thread, omwe amagwira ntchito mkati mwa pulogalamu. Pa clrstack -all, yomwe imaonetsa pomwe thread iliyonse ili, thread iyi yaima pa .Result (pomwe imadikira zotsatira osachita china chilichonse), inayo pomwepo, yotsatira pomweponso, mpaka chala kutopa ndi kutsitsa. Onse achokera mu callback (khodi yomwe timer imayendetsa ikalira) imodzi ya System.Threading.Timer yomwe imalira masekondi asanu alionse. Timer imeneyi siidikira kuti ntchito yoyamba ithe, nthawi ikakwana imangoponya ina. Lamulo la threadpool nalonso likuonetsa ntchito zili pamzere, wozigwira palibe.

Ndiye funso langa ndi ili: gwero ndi liti? Ma timer osatayidwawo ndi amene akutsamwitsa pulogalamu, kapena akungounjikana chifukwa ma thread agwidwa kale ndi .Result ija? Ine ndikukayikira kwambiri .Result, koma sindikufuna kukauza abwana zongoganizira. Komanso, poti dump siisunga malo amene object inabadwira, inu mumadziwa bwanji mzere womwe unapanga CancellationTokenSource inayake?

Kuwonjezera: kwa achimwene amene afunsa za lock (pomwe thread imodzi imatsekera zina), lamulo lofufuzira ma lock la syncblk ndayesa, palibe thread yomwe yagwira kalikonse. Dump ndili nayo imodzi yokha, yachiwiri nditenga mawa m'mawa isanaume kuti ndifananize. Amene mwati ndisinthire ku PeriodicTimer ndi await kuti timer izidikira ntchito yoyamba ithe, kodi munaiyesapo pa ntchito yolemera chonchi?