Kujambula zithunzi pa nthawi yoyeserera sewero

Nachisale: Gulu lathu la zisudzo limayeserera madzulo m'holo ya tchalitchi kuno ku Dedza boma, ndipo anzanga andipempha kuti ndiziwajambula. Zithunzi zikutuluka zosaoneka bwino, makamaka osewera akamayenda, chifukwa kunja kumada msanga m'nyengo yozizira ino ndipo muholomo muli babu limodzi lokha. Ndichite bwanji?

Bambo a ku Lizulu: Mayi, choyamba musayatse flash, chifukwa imathobwa osewera m'maso ndi kuwaiwalitsa mawu. Ngati kamera yanu ikulola, kwezani ISO (muyezo wa mmene kamera imamvera kuwala) kufika pa 1600, ndipo liwiro la shutter (kachitseko kolowetsa kuwala m'kamera) lisatsike pansi pa 1/250 ya sekondi pamene munthu akuthamanga kapena kuvina. Koma chimene chinandithandiza kwambiri ine ndi kuonerera sewero lonse kaye osajambula, kuti ndidziwe, mwachitsanzo, pamene wosewera ngati mayi wamasiye amagwada n'kugwira kumutu, pakuti pamenepo thupi limaima kanthawi ndipo chithunzi chimagwira bwino.

Achimwene a ku Bembeke: Pemphani wotsogolera sewero kuti tsiku lina muyeserere masana pafupi ndi mawindo. Muwafunsenso osewerawo musanaike zithunzi zawo pa Facebook, chifukwa ena safuna kuoneka asanavale zovala za sewero.

Nachisale: Zikomo kwambiri, Loweruka tiyamba 2 koloko masana.