Ndingadziwe bwanji ngati wailesi imamvekadi pa msika wa Lizulu?

Abale anga pagulu pano, ndithandizeni nzeru.

Ndili ndi kashopu pa Lizulu, m'mbali mwa msewu wa M1, kogulitsa mbewu zamasamba, feteleza ndi mankhwala opopera. Amene amandigula ndi alimi a kabichi, tomato ndi kachewere, ena amachokera ku Angonia, mbali ya Mozambique. Ndikufuna kulengezetsa malonda anga pa wailesi ina ya m'dera nthawi ya madimba isanafike. Eni ake akuti amamveka Ntcheu yense mpaka Dedza, koma ndalama akufunazo kwa ine n'zambiri.

Chandikayikitsa ndi ichi. Dzulo m'galimoto ya alamu anga wailesiyo imamveka bwinobwino. Nditatsika n'kuyesa pa kafoni kanga ka mabatani pakati pa msika, kunali kusokosera kokhakokha, mawu kubwera n'kuthawanso. Alimi anga alibe magalimoto. Ndikhulupirire ziti?

Mayankho:

Achimwene, khulupirirani kafoniko. Wailesi ya m'galimoto ili ndi eriyo yakunja, imakoka ngakhale siginolo yofooka. Koma kodi munalumikiza mahedifoni? Mafoni ambiri eriyo yake ndi waya umenewo. FM imayenda mowongoka, phiri likangotchinga basi yathawa, ndipo kwanuko ndi mapiri okhaokha. Pamsewu ikhoza kumveka koma kumadambo, komwe kuli madimba, ayi. Afunseni eni wailesiyo kuti transimita yawo ili paphiri liti, mphamvu yake ndi mawati angati, komanso laisensi yawo ya MACRA, bungwe loyang'anira mawailesi, ikutchula dera liti. Funsaninso ngati amakhalabe pamphepo magetsi akathima.

Bambo, ine ndimagulitsa tomato. Kumveka n'kwina, kumvetsera n'kwina. Mlimi samvera wailesi ali pamsika, amakhala akukangana mitengo ndi mavenda. Amamvera m'mamawa kapena madzulo kunyumba. Tsiku la msika funsani anthu 20 kuti usiku wathawu amamvera wailesi yanji komanso akuchokera mudzi uti, musawatchulire dzina la wailesiyo.

Musalipire mwezi wonse. Yambani ndi sabata imodzi, ndipo m'chilengezomo anene kuti wobwera n'kunena kuti wamva pa wailesi mumuchotsera pang'ono. Muzilemba m'kope.

Zikomo nonse. Mahedifoni ndinalibe, ndiyesanso mawa, ndipo ndibwereka kawailesi ka mabatire nditsike nako kumadimba. Funso latsala: a ku Angonia aja, alipo akudziwa ngati mawailesi akuno amawapeza, kapena amamvera akwawo okha?