Ukwati wa kunyanja: nkhope zikuda bii, diresi ikuyera mbuu, nanga alubamu yabwino ndi iti?

Wophunzira wa pa Boma

Akuluakulu ojambula, ndithandizeni nzeru. Pali ukwati mu Okutobala kuno ku Mangochi. Adzadalitsa 10 koloko m'mawa m'tchalitchi cha malata chopanda siling'i, zithunzi za akwati akufuna pamchenga cha ku Nkopola m'ma 12:30, kenako madyerero mu tenti mpaka usiku. Zida zilipo ndi kamera ya 24 megapixel, lenzi ya 24-70 f/2.8, ina ya 50 f/1.8, ndi fulashi imodzi ya Godox V860 ndi trigger yake. Ndikayeza kuwala pankhope, diresi ndi nyanja zimayera mbuu. Ndikayeza pa diresi, nkhope zimada bii. Ndiwonjezere chiyani, ndipo manambala ndiike otani? Chachiwiri, akwati akufuna alubamu yoti adzukulu adzaione. Ndi iti imene ingapirire kutentha ndi chinyezi cha kuno?

Wa ku Malindi

Achimwene, musanagule kanthu kalikonse, kakambiraneni ndi ankhoswe kapena komiti za nthawiyo. 12:30 mu Okutobala dzuwa limakhala paliwombo. Kuwala kumagwa kuchokera pamwamba, mphumi ndi mphuno zimanyezimira, maso n'kukhala ngati mapanga awiri. Mu mwezi umenewu dzuwa limalowa cha m'ma 5:35, ndiye mphindi 20 zokha pakati pa 4:30 ndi 5:15 zikupatsani zabwino kuposa ola lathunthu masana. Akwati kuwaba pang'ono pa madyerero n'kotheka ngati MC wauzidwa kale.

Dziwaninso kumene gombe lanu layang'ana. Ku Nkopola ndi ku Makokola nyanja ili kum'mawa, dzuwa limalowera kumtunda. Madzulo akwati akafulatira nyanja, dzuwa lofiira lija limawaomba kumaso, madzi kumbuyo ali obiriwira bwino, fulashi osafunikanso kwenikweni. Koma chithunzi cha dzuwa likumira m'madzi kumeneko simuchipeza. Chimenecho n'cha ku Cape Maclear kapena tsidya lino la Malindi. Muwauziretu akwati, asadzakuoneni ngati mwawamana.

Tsono ngati 12:30 yakanika kusuntha, chitani chonchi. Kamera pa M (poika manambala nokha), RAW (fayilo yosafinyidwa yosunga zonse zimene kamera yaona), ISO 100, shutter 1/200, f/11. Pamchenga woyera mwina mpaka f/13. Manambala amenewa ndi a diresi ndi nyanja, nkhope muziiwale kaye. Yatsani chenjezo lija lothwanimathwanima pa sikirini losonyeza malo amene ayera mopitirira, ndipo tsitsani kuwala mpaka diresi isiye kuthwanima, kungotsala timadontho ta pamadzi. Chimene chapsa n'kuyera mbuu sichibwereranso ngakhale mu RAW, pomwe mthunzi umakwezeka ndi sitopu imodzi kapena ziwiri popanda vuto (sitopu imodzi ndi kuwirikiza kuwala kawiri kapena kukuchepetsa ndi theka). Akwati atembenukire kumene dzuwa lili kumsana kwawo, ngakhale litangopendekeka pang'ono. Mukatero nkhope zili mumthunzi wosalala, ndipo ntchito ya fulashi ndi kudzaza mthunziwo basi.

Apa ndi pamene V860 imaperewera. Nambala 60 yosonyeza mphamvu yake imene amalemba pa bokosi ndi ya pamene mutu wa fulashi uli pa 200mm. Mukaufutukula kuti ukwane anthu awiri, pa f/11 imafika mamita atatu okha, ili pa mphamvu zonse ndiponso yosavala kanthu. Mukaiveka softbox, bokosi la nsalu lofewetsa kuwala, imataya pafupifupi masitopu awiri, dzuwa n'kuigonjetsa. Komanso mukaiomba pa 1/1 motsatizana maulendo ngati 30, imatentha n'kuyamba kuchedwa dala kuti isapse, nanji padzuwa la kuno. Ndiye bwerekani kapena gulani AD200, fulashi ya Godox yamphamvu kuposa V860, ndi softbox ya masentimita 60 mpaka 80. Iimikeni mita imodzi ndi theka kuchokera pa akwati, chakumbali pang'ono, m'mwamba pang'ono kuposa maso, mphamvu pa 1/2 kapena 1/1.

Mukafuna kumbuyo kusaoneke bwinobwino, musathamangire HSS, njira yolola fulashi kugwira ntchito ndi shutter yothamanga kwambiri. Imadya mphamvu ya fulashi pafupifupi masitopu awiri mukangodutsa 1/200 kapena 1/250. Ikani fyuluta ya ND8 pa lenzi. Imachotsa masitopu atatu, ndiye f/11 ija imasanduka f/4, shutter ili pomwepo pa 1/200, fulashi osasintha.

Ndalama zikavuta, reflector (chobwezera kuwala) ya 5-in-1 ya masentimita 110 ndi mnyamata mmodzi woigwira zimapulumutsa. Chotsani nsalu yakunja mutsale ndi yamkati yoonekera ija, aikweze pamwamba pa mitu ya akwati ngati ambulera. Mchenga umabweza kale kuwala kuchokera pansi. Mbali yasiliva masana musaiyerekeze, mkwatibwi atsinzina ndipo misozi iwononga zodzola. Pansi pa mtengo wa mango samalani: masamba amaponya timawanga ta dzuwa pankhope ndi kaubiriwiri pa diresi. Mlambe nthawi ino ulibe masamba, mthunzi wake ndi wa thunthu lokha, koma ndi waukhondo.

Sitandi pamchenga muipsinje ndi thumba la mchenga la makilogalamu 5 kapena 10. Mwera weniweni ndi wa Juni mpaka Ogasiti, komabe kamphepo ka kunyanja sikasowa, ndipo softbox ili ngati thanga la bwato. Lenzi musasinthire pagombe.

Achemwali a Softbox

Zonse zili bwino, koma pa khungu ndiwonjezepo. Khungu lakuda limaoneka ndi kunyezimira kwake, ndiye chofunika si kuchulutsa kuwala koma kukulitsa gwero lake. Fulashi yopanda chovala imasiya kadontho koyera pamphumi ndi pa tsaya, kwina konse kuli bii. Softbox ikayandikira, kunyezimirako kumafalikira ndipo nkhope imaumbika. Thukuta la mu Okutobala limakulitsa vutoli. Woperekeza mkwatibwi asunge tishu, aziponda mofatsa osati kupukuta, musanajambule gulu lililonse. Ndipo pokonza pa kompyuta musayeretse anthu. Mayi ake a mkwatibwi akufuna aone mwana wawo, osati mlendo.

M'tchalitchi cha malata, kuloza fulashi kudenga n'kungotha batire. Denga lili kutali, ndipo chobwerera chimabwera ndi mtundu wa dzimbiri kapena wa matabwa. Choyamba funsani abusa kapena ansembe ngati fulashi ikuloledwa pa malumbiro, chifukwa ambiri safuna. Gwiritsani 50 f/1.8 ija pa f/2 kapena f/2.2, ISO 1600 mpaka 3200, shutter osatsika 1/160 pamene akwati akuyenda. Imani mbali imene mawindo ali kumsana kwanu kapena chakumbali. Mukaima moyang'ana zenera mupeza zomwe zija za kunyanja. Ngati khoma lapafupi ndi loyera, fulashi ikaloledwa ilozeni kukhomako, osati kumwamba. Kwa amene akujambula nikaa kumzikiti, ndi chimodzimodzi: mvanani ndi ashehe kusanache, nsapato pakhomo, ndipo mbali ya amayi ingafunike wojambula wamkazi.

Zithunzi za magulu, akuchimuna ndi akuchikazi, pamene anthu amakhala mizere iwiri kapena itatu, fulashi ipite kutali. Ikakhala mamita 2 kuchokera mzere woyamba ndi mamita 3 kuchokera womaliza, akumbuyo amalandira kuwala kosakwana theka la akutsogolo. Ikakhala mamita 5 ndi 6, kusiyana kumangokhala theka la sitopu. Ikwezeni mamita awiri ndi theka kuti mithunzi ya mitu igwere kumbuyo, f/5.6 kapena f/8.

Tenti yoyera ndiyo mwayi wanu. Lozani V860 kumwamba chakumbuyo pang'ono, ISO 1600, f/4, mphamvu 1/8, tenti yonse isanduka softbox. Koma yang'anani zimene okongoletsa apachika. Nsalu za pinki kapena zagolide kudenga zipaka mtundu wake pa nkhope zonse. Zikakhala choncho ikani fulashi pa sitandi pakona ndi ambulera yoyera. Magetsi a DJ ofiirira aja amaononga khungu moti simungakonze; kwezani shutter kufika 1/200 kuti afooke, fulashi ilamulire. Mababu achikasu akachuluka, matani gel ya CTO, kapulasitiki ka mtundu wa lalanje, pa fulashi, white balance pa 3200K, kuti anthu ndi kumbuyo zikhale mtundu umodzi.

Mukaona mizere yopingasa pazithunzi za popanda fulashi, si kamera yawonongeka. Magetsi athu ndi a 50Hz, ndipo ma LED otchipa amaphethira motsatira zimenezo. Chokani pa silent shutter, ikani 1/100 kapena 1/50. Jenereta ikalowa m'malo mwa ESCOM yesaninso, chifukwa liwiro lake silikhazikika.

Pa perekaniperekani ndimasiyana ndi amene amaumitsa chilichonse. Shutter ya 1/30 ndi rear curtain, pamene fulashi imaomba shutter ikutseka, imasiya ndalama zikuuluka ndi kamzere kumbuyo, nkhope zili zakuthwa. Jambulani zingapo chonchi, zotsalazo pa 1/125, chifukwa aliyense woponya ndalama adzafuna kudziona.

Wophunzira wa pa Boma

Zikomo achimwene, zikomo achemwali. AD200 ipezeka yobwereka. Nanga alubamu? Ena akuti ndingotsukitsa zithunzi za mainchesi 6x4 zambirimbiri n'kulowetsa m'ya matumba apulasitiki ija, ndi yotchipa.

Mkulu wa Studio

Mwana wanga, ya matumba ija ndi ya zithunzi za alendo, osati ya adzukulu. Pulasitiki yotchipa ya PVC ikamva kutentha imafewa n'kumatirira pa chithunzi, makamaka cha glossy, ndipo poitulutsa imasenda mtundu. Chinyezi cha dzinja chikalowa m'thumba sichituluka, chuku chimayambira momwemo. Ya masamba a guluu yokhala ndi kapulasitiki kovundikira ndiye yoipitsitsa: guluu amasanduka wachikasu n'kusiya mizere kumsana kwa chithunzi.

Ya akwati ikhale flush mount yotseguka n'kugona thyathyathya, imene ena amati layflat. Chithunzi chimatsukidwa papepala lenileni la zithunzi, monga Fuji Crystal Archive, n'kumatidwa pa katoni yolimba, tsamba lililonse lokhuthala pafupifupi milimita imodzi kapena kuposa. Funsani otsuka mafunso awiri: pepala ndi lotsuka ndi mankhwala kapena ndi la inki? Ngati ndi la inki, ndi pigment kapena dye? Dye ya printer ya mu ofesi imazilala msanga, ndipo dontho limodzi la madzi limaisungunula. Pepala sankhani lustre. Glossy imagwira zala za aliyense amene wangodya chambo, matte weniweni amafooketsa zakuda, suti ya mkwati n'kuoneka ngati yotuwa ndi fumbi. Pamwamba pakhale lamination yopyapyala.

Chikuto cha chikopa chenicheni n'chokongola, koma m'nyumba ya m'mbali mwa nyanja chimachita chuku. Chikopa chopanga kapena chikuto cha chithunzi chokutidwa chimapukutika ndi kansalu. Cha nsalu yoyera chimada ndi fumbi chaka chisanathe.

Kukula kwake, 30x30 sentimita ndi wabwino kwa akwati, 20x20 kwa makolo mbali zonse ziwiri, masamba omwewo ongochepetsa. Pa 300 dpi (timadontho 300 pa inchi iliyonse) tsamba la 30 sentimita limafuna mapikiselo 3543 mbali iliyonse, ndipo masamba awiri otambasula 7087 m'litali. Kamera yanu imapereka 6000, zomwe zikukwana pafupifupi 250 dpi pa chithunzi chodzaza masamba onse awiri. Diso silingaone kusiyana, bola musachidule kwambiri. Siyani mamilimita 3 mpaka 5 m'mphepete oti makina adule, ndipo nkhope isagwere pa mpindiro wapakati ngakhale alubamu ndi yogona. Mafayilo atumizeni ali JPEG ya sRGB pa flash disk kapena ngati document. Mukatumiza ngati chithunzi wamba pa WhatsApp amafinyidwa, velo n'kutuluka ndi timabokosi.

Musadzaze. Matambasulo 20 a masamba awiriawiri ndi zithunzi 60 mpaka 80 n'zokwanira. Cha kunyanja chija chikhale chokha pa masamba awiri. Agogo, ankhoswe ndi makolo asasowemo, chifukwa amenewo ndi amene adzafunidwe pakapita zaka. Zotsalazo zipite pa flash disk. Akwati avomereze masamba onse polemba musanatumize kotsukitsa, kaya ku Blantyre, ku Lilongwe kapena ku Johannesburg, popeza flush mount ikamatidwa tsamba silisinthika.

Powapatsa, ikhale m'bokosi lake ndi timapaketi tiwiri kapena titatu ta silica gel toyamwa chinyezi. Aigoneke, asaiimike, pashelefu yotalikirana ndi khoma lakunja ndiponso ndi pansi. Chiswe cha kuno katoni chimaikonda. Ikanyowa asaiyanike padzuwa, masamba amapindika.

Achemwali a Softbox

Bambo aiwala chimodzi chimene chimagwetsa ambiri. Sikirini ya laputopu imawala yokha, pepala limadalira kuwala kwa m'chipinda. Mukakonza sikirini ili pa mphamvu zonse, nkhope zimene zimaoneka bwino zidzatuluka zoderapo papepala, ndipo ndi pakhungu lakuda pamene zimaonekera msanga. Tsitsani sikirini kufika cha m'ma 100 mpaka 120 cd/m², kapena pafupifupi theka ngati mulibe choyezera. Kenako tsukitsani zoyesera zitatu za mainchesi 8x12 pamalo omwewo ndi papepala lomwelo: cha pamchenga, cha m'tchalitchi, cha mu tenti. Muziyang'ane pafupi ndi zenera masana, osati pansi pa babu. Pa diresi muone ngati ulusi wa lesi ukuwerengeka, pa suti ngati kolala ikusiyana ndi phewa. Chikaperewera, kwezani mithunzi yokha ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a sitopu, mutsukitsenso chimodzicho, kenako mutumize alubamu yonse.