Ndevu zanga zikundizunguza mutu: kusalala kumabwera mochedwa, kenako ziphuphu

Membala wosatchula dzina: Akuluakulu pagulu pano, ndithandizeni nzeru. Ndimakhala ku Mchini kuno ku Chipata, ndipo kuntchito kwathu safuna kuona ndevu. Kale ndinkametetsa ndi makina kubabashopu, koma mu 2024, magetsi atayamba kusowa tsiku lonse, ndinatopa ndi kukhala pabenchi kudikira. Ndinagula lezala ya chogwirira, ya mipeni itatu ija, n'kuyamba kudzimeta ndekha. Ndimafunditsa madzi pambaula cha m'ma 5 koloko, kupaka sopo, kumeta. Ndikangomaliza n'kugwira pachibwano, pamakhala pokhakhala ngati sindinamete bwino, ndiye ndimabwereza kawiri katatu mokweza. Chodabwitsa n'chakuti ndikafika kuntchito cha m'ma 8, nkhope yasalala see, ngati ya mwana. Ndevu zija zimapita kuti? Funso lachiwiri ndilo likundiwawa: pakapita masiku atatu pakhosi ponse pamatuluka ziphuphu zoyabwa, kolala ya shati ikakhudza ndimachita kulumpha.

Wa kabaza wa ku Kapata: Achimwene, ndevu zimaopa abwana anu, zikamva kuti mwayandikira ofesi zimabisala kkkk.

Mphunzitsi wa sayansi, Katete: A kabaza akuseka, koma mawu oti kubisala sanaphonye kwenikweni. Munaonapo chitseko cha matabwa mu Januwale, mvula ili pakati, chikukana kutsekeka, koma pofika Okutobala chikungolowa chokha? Tsitsi limamwa madzi ngati thabwa lomwelo. Likanyowa kwa mphindi ziwiri kapena zitatu limafufuma ndi kufewa, n'chifukwa chake lezala imadula mosavuta. Likauma limabwerera mwakale, ndiye tizitsa totsala tija timachepa. Chinanso ndi lezala yanuyo. Ya mipeni ingapo anaipanga dala kuti mpeni woyamba uzikoka ndevu pang'ono kuchoka m'dzenje lake, wachiwiri n'kudula isanabwerere. Gillette anatulutsa ya mipeni iwiri mu 1971 pa nzeru yomweyi. Ndevu yodulidwa chotero imabwerera m'kati, nsonga yake n'kukhala pansi pa khungu. Komanso chala chanu chimakunamizani. Khungu lachinyezi limagwira chala, silitereza, ndiye mumamva ngati pali zotsala pamene palibe. Yesani kudutsitsa chala pamkono mutangosamba, mudzayesenso mutauma.

Membala wosatchula dzina: Ndiye kuti kubwereza kuja ndimangodzipala pachabe, aphunzitsi?

Mphunzitsi wa sayansi, Katete: Pachabe zedi. Mukathira madzi ozizira, pukutani, dikirani kaye muume, ndiye muweruze.

Wometa anthu pafupi ndi Saturday Market: Ine ndameta anthu zaka zambiri, ndipo makosi ngati lanulo ndimawaona tsiku lililonse. Kusalala mukukukondako ndi komwe kukukupatsani ziphuphu. Tsitsi lathu ife ndi lopotana, silimera choongoka ngati la amwenye. Mukalidula mpaka pansi pa khungu, nsonga yake imakhala yosongoka ngati munga, ndipo pomera imapindika n'kubaya mnofu m'malo motulukira kunja. Thupi limaiona ngati chitsotso, pamenepo patupa. Tengani kalilole pawindo m'mawa, muyang'anitsitse chiphuphu chimodzi. Nthawi zambiri muona kandevu kakuda kopindika ngati mbedza, mutu ndi mchira zonse zili m'khungu. Langizo langa: siyani kumeta milungu itatu kapena inayi kuti pakhosi papole. Kenako bwererani kumakina, musiye ndevu zotalika ngati milimita imodzi. Makina otchaja alipo masiku ano, nkhani ya magetsi si chifukwanso. Ndikudziwa muti ndikufuna kasitomala, koma mukhoza kugula anuanu.

Membala wosatchula dzina: Milungu inayi? Andichotsa ntchito amenewo.

Mayi wa ku Petauke: Bambo a kunyumba kwanga anali ndi vuto lomweli, ndipo nawonso kuntchito salola ndevu. Anasiya ya mipeni yambiri, anagula ya mpeni umodzi. Amameta kutsata kumene ndevu zagonera, osati mokweza, kamodzi kokha, osakoka khungu ndi dzanja linalo. Pakhosi ndevu zimagona mosiyanasiyana, ena cham'mbali, ndiye muzisiye masiku awiri muone kaye zanu. Sasalala ngati kale, koma kolala amamanga bwinobwino. Ndipo lezala ikabuntha tayani, musamaumire. Anga ankaisunga mwezi wathunthu pawindo la bafa mpaka dzimbiri.

Mnyamata wa ku Lundazi: Thirani spiriti wambiri mukameta, ziphuphu zimauma.

Namwino wopuma: Mwanangu wa ku Lundazi, spiriti amapha tizilombo, koma ndevu yobaya khungu saitulutsa. Amangoumitsa khungu ndi kuwawitsa. Kwa ofunsa: vuto lanu achipatala amalitcha pseudofolliculitis barbae, ndipo ndi lofala kwambiri mwa amuna a tsitsi lopotana. Ndevu zimakula pafupifupi milimita imodzi pa masiku atatu, n'chifukwa chake ziphuphu zikukupezani tsiku lachitatu, nsonga ija ikayamba kukankha. Musamazifinye kapena kuzula ndevuzo. Ikani kansalu ka madzi ofunda pakhosi madzulo. Mukaona mafinya, kapena zipsera zolimba zotukuka zikuyamba, pitani kuchipatala msanga, chifukwa zipsera zoterozo zikakula zimavuta kuchiza. Pomwepo mungapemphenso kalata yoti muonetse abwana anu. Lezala musabwerekane ndi munthu, ngakhale mbale wanu, matenda a chiwindi a hepatitis B amadutsira m'magazi ochepa kwambiri.

Membala wosatchula dzina: Zikomo amayi. Ndayang'ana pakalilole monga ananenera ometa aja, timbedza ndatiwona titatu pansi pa chibwano. Lachisanu ndipita kukapempha kalatayo. Koma makina otchajawo akugula zingati m'tauni muno? Amene wagula posachedwa andiuze.

Wa kabaza wa ku Kapata: Mukapeza mtengo mundiimbire, ndikufikitsani pashopu. Ulendo wokha mulipira.